Kupotana kwa DNA, ndi mmene cipro amaphera bakiteriya

Funso: Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina yoyendera. Ndikamaphunzitsa za DNA ndimajambula makwerero opotana aja pa bolodi, n'kuwauza ana kuti m'selo limodzi la munthu muli DNA yotalika pafupifupi mamita awiri. Mtsikana wina wa Fomu 4 anandifunsa kuti, "Nanga ikamatseguka kuti ikoperedwe, siipiringizika?" Pofufuza ndinakumana ndi mawu akuti supercoiling, komanso ndinamva kuti cipro amagwira ntchito pamenepo. Kodi imeneyi ndi njira yongolongedzera DNA kuti ikwane m'selo, kapena ili ndi ntchito ina?

Yankho: Aphunzitsi, mwana wanuyo wafunsa funso lomwe linasowetsa tulo akatswiri enieni. James Watson ndi Francis Crick atafalitsa maonekedwe a DNA mu 1953, Max Delbrück, yemwe anali mmodzi mwa akuluakulu pa sayansi imeneyi, analemba mu 1954 kuti sakuona mmene nkhosi ziwiri zolukana chonchi zingalekanirane popanda chipwirikiti. Yankho lenileni linayamba kuoneka patapita zaka pafupifupi 20. Mukamuuze kuti wafunsa bwino kwambiri.

Kulongedza kulipo, koma ine ndimakuona kuti ndi gawo laling'ono la nkhaniyi. Supercoiling ndi mphamvu yosungidwa m'chingwe cha DNA chenichenicho. Selo limaiikamo dala, limaiyeza, limaichepetsa kapena kuiwonjezera nthawi ndi nthawi, ndipo limaononga ATP, mafuta omwe amapatsa selo mphamvu, kuti isachoke pa mlingo wake. Ikasokonekera majini sawerengeka, DNA siikoperedwa mpaka kumapeto, selo siligawikana.

Tengani chingwe cha khonje cha nkhosi ziwiri, mupite nacho m'kalasi. Mbali imodzi mumange pa chitsulo cha pawindo, inayo agwire mwana mmodzi, osalola kuti izungulire m'manja mwake. Pisani pensulo pakati pa nkhosi ziwirizo, muyambe kuikankhira kutsogolo osaitembenuza. Poyamba iyenda bwinobwino. Kenaka muona kuti kupota konse kukuunjikana kutsogolo kwa pensulo, chingwe chikuuma gwa, ndipo mwanayo akangofewetsa dzanja pang'ono chingwecho chidzipinda chokha n'kutulutsa timiyendo topotana. Kumbuyo kwa pensulo nkhosi zatsala zokhwefuka. Posakhalitsa pensulo ikana kusuntha ngakhale mukankhe chotani. Timiyendo timeneto ndiye supercoiling: chingwe chopotedwa kale chikudzipotanso pachokha.

DNA ikakhala m'madzi popanda choikakamiza, nkhosi zake zimazungulirana kamodzi pa mapeyala pafupifupi 10.5 aliwonse a zilembo zija A, T, G ndi C. Umo ndi momwe imakhalira momasuka. Kachidutswa ka nsonga zomasuka simungakasungitse kupota kowonjezera, chifukwa nsonga zimangozungulira n'kubwerera mwakale. Koma m'selo ufulu wotero kulibe. DNA ya mabakiteriya ambiri ndi mphete yotsekeka, ndipo ya m'mitochondria mwathu nayonso ndi mphete. Ya m'makromozomu athu ili ndi nsonga, inde, koma ndi yaitali zedi ndipo mapuloteni anaigwira m'malo ambirimbiri, moti chigawo chilichonse pakati pa malo awiri ogwiridwa sichingazungulire momasuka.

Pali kasamu kamodzi kokha koti mukadziwe, ndipo ana a Fomu 4 akhoza kukamva. Mphete ya nkhosi ziwiri ikatsekedwa, chiwerengero cha maulendo omwe nkhosi imodzi yazungulira inzake sichingasinthenso pokhapokha nkhosi ina itaduka. Chiwerengerochi amachilemba Lk. Chili ndi magawo awiri. Loyamba ndi Tw, kupotana kwa nkhosi ziwirizo pazokha. Lachiwiri ndi Wr, kupindika kwa chingwe chonse n'kumadzidutsa pamwamba. Lk = Tw + Wr. Popeza Lk sisintha, Tw ikatsika Wr ikwera, Tw ikakwera Wr itsika. Akatswiri a masamu Gheorghe Călugăreanu wa ku Romania, James White mu 1969 ndi Brock Fuller mu 1971 ndi omwe anakhazikitsa lamuloli. Tanthauzo lake m'selo ndi lalikulu: chomwe chachitika pa malo amodzi a mphete chimamveka pa mphete yonse, ngakhale pa jini yomwe ili kutali.

Tiyike manambala enieni. M'malabu timagwiritsa ntchito kamphete ka DNA kotchedwa pBR322, komwe kali ndi mapeyala 4,361. Mukagawa ndi 10.5 mupeza 415, ndiye kuti kakanakhala momasuka nkhosi zake zikanazungulirana ka 415. Koma mukakatulutsa mu bakiteriya wa E. coli mumapeza zazungulirana pafupifupi ka 390 basi. Maulendo 25 akusowa. Kampheteko kali ndi njira ziwiri zothanirana ndi kupereweraku. Kakhoza kusunga Tw yake pa 415 n'kudzipinda kuti Wr ikhale −25, kapena kugona tambalala koma nkhosi zitakhwefuka, mwinanso zitalekana pena. Kwenikweni kamachita zonse ziwiri, koma gawo lalikulu limapita ku kudzipinda. Kuperewera kotere akatswiri amati negative supercoiling, ndipo kupota kopyola muyezo amati positive supercoiling. Zamoyo zambiri zimasunga DNA yawo yoperewera ndi maulendo 5 kapena 6 pa 100 aliwonse.

Woyamba kuona zimenezi anali Jerome Vinograd ndi anzake ku Caltech, ku America, mu 1965. Ankafufuza DNA ya kachilombo ka polyoma, komwe kamayambitsa zotupa mu mbewa. Ataizunguza m'makina aliwiro otchedwa ultracentrifuge anaona kuti DNA imodzimodziyo ikutsika pa maliwiro osiyana. Anapeza kuti kungodula nkhosi imodzi pa malo amodzi kunali kokwanira kusandutsa yothamanga ija kukhala yochedwa. Kulemera kunali komweko, zilembo zomwezo. Chomwe chinasintha ndi chakuti kupota kunathawira pa bala lija, mphete n'kutambasuka.

Lero izi timaziona ndi maso pa gel ya agarose, kachibenthu konga phala louma kodzaza timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi phunziro lomwe ndimakonda kwambiri kuchita ndi ophunzira atsopano. Mumathira timadontho ta DNA m'timayenje ta kumapeto kwa gel, kulumikiza magetsi, DNA n'kuyamba kuyenda kulowera ku waya wofiira. Pakatha ola mumaika gel pa nyali ya UV, ndipo chifukwa cha utoto wa ethidium bromide mumaona timizere towala mofiirira. Kuchokera ku kamphete kamtundu umodzi mumapeza timizere titatu. Komwe kafika patali ndi DNA yodzipinda, chifukwa ndi yothinana ndipo imadutsa msanga m'timabowo ta gel. Pakati pali yomwe yaduka nkhosi zonse n'kukhala yoongoka. Yotsalira m'mbuyo ndi mphete yomwe yaduka nkhosi imodzi n'kutambasuka, imangokodwakodwa. Mukathira enzaimu yomasula kupota kwa kanthawi kochepa, pakati pa mzere wothamanga ndi wochedwa pamatuluka timizere tambiri tondondozana, kalikonse kosiyana ndi kanzake ndi Lk imodzi yokha. Wophunzira akawerenga timizereto ndi chala chake, sakaikanso kuti kupota kwa DNA ndi chinthu chowerengeka.

Za kulongedza ndinene mwachidule. DNA ya E. coli ili ndi mapeyala pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo itatambasulidwa ingatalike milimita imodzi ndi theka. Selo lake ndi lotalika magawo awiri okha mwa magawo 1,000 a milimita, ndiye kuti DNA imaposa nyumba yake kutalika kuposa ka 700. Timiyendo topotana tija timathandiza kuifupikitsa, mothandizana ndi mapuloteni omwe amaipinda ndi kuimanga. Koma chikanakhala kuti cholinga n'kulongedza kokha, kupota kopyola muyezo kukanathandiza chimodzimodzi. Funso lofunika ndi lakuti, n'chifukwa chiyani zamoyo zinasankha kuperewera?

Chifukwa chake n'chakuti zilembo za DNA zili m'kati. Kuti jini iwerengedwe, enzaimu ya RNA polymerase iyenera kulekanitsa nkhosi pa mapeyala khumi ndi angapo, ndipo kuti kukopera kuyambe pafunikanso kutsegula. Kutsegula kumafuna mphamvu. Tsono onani kasamu kaja: pamene nkhosi zalekana Tw yatsika, ndipo mu mphete yoperewera kale kutsika kumeneku kumachotsa gawo la kudzipinda kuja. Mphete imapeza mpumulo ikatseguka. Choncho DNA yoperewera imakhala yofuna kale kutseguka, ikungodikira woiyamba. Imatsegukira pomwe ndi pofooka, ndipo pofooka ndi pomwe pachuluka A ndi T, chifukwa zilembo ziwirizi zimagwirana ndi ma hydrogen bond awiri pomwe G ndi C zimagwirana ndi atatu. Si mwangozi kuti pamalo pomwe RNA polymerase ya bakiteriya imatsegulira pamakhala zilembo zonga TATAAT, ndipo pa oriC, pomwe E. coli amayambira kukopera DNA yake, palinso chigawo chodzaza A ndi T. Mukaika oriC pa mphete yomasuka, puloteni ya DnaA, yomwe imayambitsa kukopera, imakhalapo koma imalephera kutsegula.

Kukakamizika komweku kumasinthanso maonekedwe a DNA m'malo ena. Pomwe C ndi G zasinthanasinthana, chigawo chikhoza kutembenuka n'kupotera kumanzere, maonekedwe otchedwa Z-DNA omwe gulu la Alexander Rich linawaona mu 1979. Pomwe zilembo za chigawo china zabwerezedwa chobwerera, nkhosi iliyonse ikhoza kudzigwira yokha n'kutulutsa nthambi ziwiri zopingasa. Palinso tizamoyo tomwe timakhala mu akasupe otentha madigiri 80 kapena kuposa. Kwa ito vuto ndi losiyana, chifukwa kutentha kumafuna kulekanitsa nkhosi nthawi zonse. Tizamoyo tonseti tili ndi enzaimu yotchedwa reverse gyrase, yomwe Akihiko Kikuchi ndi Keiko Asai anaipeza mu 1984 ku Japan, ndipo iyo imawonjezera kupota m'malo mochepetsa.

M'maselo athu njira yake ndi ina. DNA imakulungidwa pa timagulu ta mapuloteni asanu ndi atatu otchedwa histone. Mapeyala 147 amazungulira kagulu kamodzi pafupifupi kawiri, molowera kumanzere, kenaka pamabwera kampata, kenaka kagulu kena. Kagulu ndi DNA yake amati nucleosome. Roger Kornberg anafotokoza dongosololi mu 1974, ndipo selo limodzi limakhala ndi ma nucleosome pafupifupi 30 miliyoni. Kukulunga kulikonse kumasunga pafupifupi ulendo umodzi wa negative supercoiling. Malinga histone ali pamalo pake, mphamvuyo ndi yomangika, siivutitsa chingwe. Histone akangosunthidwa pa jini yomwe ikufunika, mphamvu ija imamasuka pomwepo n'kuthandiza nkhosi kutseguka. Apa kulongedza ndi kukonzekera kuwerenga ndi ntchito imodzi, ndipo n'chifukwa chake sindikonda kuti ana aziphunzira za histone ngati zongosungirapo ulusi.

Tsopano tifike pa funso la mwana uja, pomwe pensulo yayamba kuyenda. RNA polymerase ikamayenda pa jini imayenera kutsata kupotana kwa nkhosi. Ikanakhala yopepuka bwenzi ikungozungulira chingwe kamodzi pa mapeyala 10.5 aliwonse. Koma imakoka RNA yomwe ikupanga, ndipo mu bakiteriya ma ribosome, omwe amapanga mapuloteni, amakhala atakwera kale pa RNA imeneyo. Katundu yenseyu sangazungulire msanga, ndiye DNA ndi yomwe imakakamizika. Kutsogolo kumaunjikana kupota kopyola, kumbuyo kumatsala kuperewera. Leroy Liu ndi James Wang anafotokoza zimenezi mu 1987, ndipo zoyesa zambiri zatsimikiza. Zotsatira zake n'zochititsa chidwi. Jini yomwe ikuwerengedwa imakhwefula DNA kumbuyo kwake, zomwe zingadzutse jini yoyandikana nayo, ndipo imaumitsa DNA kutsogolo kwake, zomwe zingatseke ina. Majini amakhudzana kudzera m'chingwe chokha, popanda puloteni yotumidwa pakati pawo. Kuperewera kwa kumbuyo kukanyanya, RNA yatsopano imabwerera n'kumatirira pa nkhosi ya DNA yomwe yachokera, n'kusiya nkhosi inayo pambalambanda pomwe ingavulale.

Pokopera DNA vuto limakula. John Cairns atajambula kromozomu ya E. coli ili mkati mokoperedwa mu 1963, anaona kuti ndi mphete, ndipo anazindikira kuti payenera kukhala pena pozungulira. Makina okopera a bakiteriyayu amatsegula mapeyala pafupifupi 1,000 pa sekondi. Ndiye kuti kutsogolo kwawo kukuwonjezeka maulendo pafupifupi 100 pa sekondi, kapena 6,000 pa mphindi, ndipo makinawo alipo awiri, wina kulowera uku wina uko. Mphete yonse nkhosi zake zazungulirana ka 440,000 kapena chapompo, ndipo maulendo onsewa ayenera kuchotsedwa m'mphindi pafupifupi 40. Atatsala ngakhale amodzi, mphete ziwiri zatsopanozo zimakhala zokolekana, ndipo maselo awiriwo sangatenge lililonse yakeyake. M'selo la munthu maulendo oti achotsedwe ndi pafupifupi 600 miliyoni nthawi iliyonse selo likamagawikana.

Lamulo lija likuti Lk sisintha pokhapokha nkhosi itaduka. Ndiye selo limadula dala DNA yake. Maenzaimu ogwira ntchitoyi ndi ma topoisomerase, ndipo yoyamba anaipeza James Wang mu 1971 ku Berkeley, mu E. coli. Chaka chotsatira James Champoux ndi Renato Dulbecco anapeza inzake m'maselo a mbewa. Alipo a mitundu iwiri. A mtundu woyamba amadula nkhosi imodzi, kupota n'kuthawirapo, kenaka amalumikiza. A mtundu wachiwiri amagwira zigawo ziwiri za DNA, amadula nkhosi zonse za chigawo chimodzi, amatsegula mpata, amadutsitsapo chigawo chinacho, n'kutseka. Ulendo umodzi wotere umasintha Lk ndi 2, ndipo umafuna ATP. Awa okha ndi omwe angalekanitse mphete ziwiri zathunthu zokolekana. Mu mabakiteriya ambiri ntchito yolekanitsayi ndi ya topoisomerase IV, mwa ife ndi ya topoisomerase II.

Mudabwa kuti selo lingalole bwanji DNA yake kumadulidwa kosalekeza chonchi. Chinsinsi chili pa kadulidwe. Enzaimu siidula n'kutaya. Ili ndi amino acid yotchedwa tyrosine yomwe imalowa m'malo mwa mfundo yodukayo n'kumangirira nsonga ya DNA ku enzaimu yeniyeniyo. Nsonga siichoka m'manja, ndipo mphamvu ya mfundo yodukayo imasungidwa, moti polumikizanso sipafunika ina. Bala limakhala lotseguka kanthawi kochepetsetsa. Kumbukirani kanthawi kameneka, chifukwa nkhani ya mankhwala yonse yagona pamenepo.

Pa maenzaimu onsewa gyrase ndi yapadera. Martin Gellert, Kiyoshi Mizuuchi, Mary O'Dea ndi Howard Nash anaipeza mu 1976 ku National Institutes of Health, ku America. Ambiri amangomasula kupota komwe kulipo, koma gyrase imaononga ATP kuti iike kuperewera pomwe panalibe. Imakulunga DNA pa thupi lake, imadutsitsa chigawo pa mpata, Lk n'kutsika ndi 2. Ndiyo imachotsa kupota kounjikana kutsogolo kwa makina okopera, ndiyonso inachotsa maulendo 25 aja mu pBR322. Topoisomerase I ya bakiteriya imakokera kwina, imachepetsa kuperewera kukanyanya. Rolf Menzel ndi Gellert anasonyeza mu 1983 kuti DNA ikamasuka kwambiri majini opanga gyrase amadzuka, ndipo ofufuza ena anapeza kuti jini ya topoisomerase I imadzuka kuperewera kukachuluka. Chingwe chimadziyitanira chokha wochikonza.

Popeza gyrase imadalira ATP, kupota kwa DNA kumatsatira mmene selo lilili. Chakudya chikatha ATP amachepa, gyrase imafooka, DNA imamasuka. Mchere ukachuluka mwadzidzidzi pamalo pomwe bakiteriya ali, kuperewera kumawonjezeka. Gulu la Nicholas Cozzarelli linapeza mu 2004 kuti kungomasula DNA ya E. coli kumasintha kawerengedwe ka majini pafupifupi 300, ena kudzuka ena kugona. Bakiteriya akachoka m'madzi a pachitsime n'kulowa m'matumbo a munthu, momwe kutentha, mchere ndi mpweya zonse zasintha, imodzi mwa njira zomwe amadziwira kuti wafika kwina ndi imeneyi.

Kwathu kuno kuli kachilombo komwe kamadalira maenzaimuwa modabwitsa. Trypanosoma, yemwe amayambitsa matenda a kaodzera omwe amapezeka cha ku Nkhotakota ndi ku Rumphi kudzera mwa kashembe, ali ndi DNA ya mitochondria yachilendo. M'malo mwa mphete zoima pazokha ali ndi timphete masauzande angapo tokolekana tonse pamodzi, totchedwa kinetoplast. Kuti akopere, topoisomerase II imamasula kamphete kamodzikamodzi, kamakoperedwa, ana ake n'kukolekedwanso m'mphepete. Ofufuza atatseka jini ya enzaimuyi, kinetoplast inayamba kuchepa mpaka kutha, tizilomboto n'kusiya kuchulukana.

Nanga cipro? Kholo lake ndi nalidixic acid, yemwe George Lesher ndi anzake anamufotokoza mu 1962, gyrase isanadziwike n'komwe. Ciprofloxacin, lomwe ndi dzina lonse la cipro, anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1980, ndipo levofloxacin ndi moxifloxacin ndi a banja lomwelo. Ambiri amaganiza kuti mankhwalawa amangoimitsa gyrase. Zoona zake n'zoopsa kuposa pamenepo. Amadikira kanthawi kaja enzaimu itadula nkhosi zonse ziwiri, n'kulowa pa bala penipeni, pakati pa zilembo, kuti nsonga zisakumanenso. Gyrase imatsala itamatirira pa DNA yoduka. Makina okopera akafika pamenepo amaima, mabala amachuluka, kromozomu imaduka zidutswa. Bakiteriya amafa ndi enzaimu yake yomwe. Ife tilibe gyrase, ndipo topoisomerase II yathu inasiyana nayo mokwanira moti pa mlingo wa kuchipatala cipro saigwira kwenikweni.

Pali kanthu kena kokhudza odwala. Cipro amagwira enzaimu kudzera pa kachitsulo ka magnesium komwe kamakhala pakati pa iye ndi gyrase. Mbali yomweyo ya mankhwala yomwe imagwira magnesium imagwiranso calcium, iron ndi aluminium. Ndiye munthu akamwera cipro mkaka kapena chambiko, kapena kumuphatikiza ndi mapiritsi owonjezera magazi kapena mankhwala ena a chilungulira, gawo lalikulu limagwidwa m'matumbo osalowa m'magazi. Achipatala akamati patulani maola, chifukwa chake ndi chimenechi.

Njira yomweyi ndi yomwe mankhwala ena a khansa amagwiritsa ntchito, koma pa maenzaimu athu. Camptothecin, yemwe Monroe Wall ndi Mansukh Wani anamutulutsa mu mtengo wina wa ku China mu 1966, amatsekera topoisomerase I pa bala lake. Gulu la Leroy Liu ndi lomwe linazindikira zimenezi mu 1985, ndipo irinotecan ndi topotecan anachokera kwa iye. Etoposide ndi doxorubicin amachita zomwezo kwa topoisomerase II. Doxorubicin ndi mankhwala ofiira aja omwe amaperekedwa pa khansa ya m'mawere ndi pa ma lymphoma, kuphatikizapo Burkitt yomwe imagwira ana ambiri kuno. Maselo a khansa amakopera DNA pafupipafupi, ndiye amagundana ndi mabalawa kuposa maselo ena. Koma kuipa kwake kulipo. Tili ndi topoisomerase II ya mitundu iwiri, alpha ya maselo ogawikana ndi beta yomwe ilinso m'maselo osagawikana monga a mtima. Mu 2012 gulu la Edward Yeh linasonyeza kuti mbewa zomwe zinachotsedwa beta mu mtima sizinaonongeke mtima ndi doxorubicin. N'chifukwa chake madokotala amawerengera doxorubicin yense yemwe wodwala walandira pa moyo wake, osati wa tsiku limodzi lokha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene mabakiteriya amapulumukira kwa cipro mosavuta. Magnesium uja amagwirizira pa ma amino acid awiri a gyrase, omwe mu E. coli ndi Salmonella ali pa malo a nambala 83 ndi 87 a puloteni ya GyrA, yomwe ndi gawo la gyrase. Chilembo chimodzi chikasintha mu jini ya gyrA, amino acid ya pa 83 imasintha, mankhwala amasowa pogwira bwino, koma enzaimu imapitiriza ntchito yake. Kusintha kwina kukawonjezekera pa topoisomerase IV, cipro amatheratu mphamvu. Kuyambira cha m'ma 2011 ku Blantyre kunabuka taifodi ya mtundu wa H58, yosamva ampicillin, chloramphenicol ndi bactrim, ndipo odwala ambiri anadalira cipro. Ku South Asia taifodi yambiri inasiya kale kumumva bwino cipro kudzera m'kusintha komweku kwa gyrA. Katemera wa taifodi yemwe Malawi inayamba kupereka kwa ana mu 2023 amathandizanso pamenepa, chifukwa mwana yemwe sanadwale safunika mankhwala.

Pa chifuwa chachikulu mpata ndi wochepa kwambiri. Mycobacterium tuberculosis, bakiteriya woyambitsa matendawa, alibe topoisomerase IV. Gyrase yake imagwira ntchito zonse ziwiri, kuika kuperewera ndi kulekanitsa mphete, ndiye mankhwala a banja la cipro ali ndi pogwira pamodzi pokha. Kusintha kumodzi pa malo 90 kapena 94 a GyrA n'kokwanira kufooketsa levofloxacin ndi moxifloxacin, ndipo awa ndi mizati ya chithandizo cha TB yosamva mankhwala. Moxifloxacin ndi mmodzi mwa mankhwala anayi a dongosolo la miyezi 6 la BPaLM lomwe bungwe la WHO linavomereza mu 2022. Zida zatsopano zoyezera makhololo monga Xpert MTB/XDR zimayang'ana zilembo zenizenizi za gyrA kuti dokotala adziwe msanga ngati mankhwalawa agwire ntchito.

Ndiye taganizani za munthu yemwe wakhosomola masabata atatu, sanayezetse, wangogula cipro pagolosale. Ngati ndi TB, akhoza kupezako bwino kwa masiku angapo chifukwa mankhwalawa amapha ena mwa tizilomboto, ndipo zimenezo zimamuchedwetsa kupita kuchipatala. Pa nthawi yomweyo m'mapapo mwake tomwe tili ndi gyrA yosintha ndi tomwe tikutsala n'kuchulukana. Akadzafika poyezetsa, mwina moxifloxacin adzakhala atamuthera kale ntchito asanamumweko n'kamodzi komwe. Ana anu a Fomu 4 ndi omwe amatumidwa kukagula mankhwalawa kunyumba, choncho mukamaphunzitsa za gyrase muwauzenso kuti chifuwa cha masabata awiri chimafuna kuyezetsa makhololo kaye.